Kholo likayamba kusintha khalidwe chifukwa cha dementia: zochita pakhomo musanathamangire mankhwala ogonetsa

Mayi anga anali munthu wa nsomba. Zaka zambiri ankalawirira kudoko kukapikula usipa ndi kambuzi, n'kuyanika pathandala, kenako n'kukagulitsa kumsika wa paboma. Ndalama ankawerengera pamtima osaphonya ngakhale tambala. Ndiye tsiku lomwe anaima pakati pa bwalo n'kuloza mdzukulu wawo, mwana wanga wamkazi, amvekere, "Iwe ndiwe wakuba, wamasula ndalama zanga pachitenje," tonse tinangoti kakasi. Mwanayo analira usiku wonse. Ndalamazo tinazipeza m'mawa mwake m'ndowa ya ufa, zitakulungidwa bwinobwino m'kapepala ka shuga. Anaziikamo okha.

Kuiwalaiwala tinali titakuzolowera kale. Ankafunsa chinthu chimodzimodzi kasanu, ankasiya ndiwo pamoto mpaka kupserera, ife n'kumati ndi ukalamba basi. Chimene chinatisowetsa mtendere ndi khalidwe: kunamizira anthu, kulusa, kudzuka pakati pa usiku n'kumanga katundu, kukana kusamba. Ndinawasamalira zaka 6 kuno ku Mangochi mpaka pomwe anatisiya. Zomwe ndalemba pano zina ndinaphunzira kwa anamwino, zina powerenga zimene ofufuza apeza, zina nditalakwitsa kaye.

Kuchipatala matendawa amawatchula kuti dementia. Si ukalamba wamba ayi, ndi ubongo womwe ukuwonongeka pang'onopang'ono. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nawo, ndipo oposa 60 mwa 100 aliwonse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer. Wina umatsatira sitiroko ndi BP yosasamalidwa. HIV yosalandirira mankhwala, chindoko chokhalitsa ndi mowa wa zaka zambiri nazonso zimawononga ubongo. Kwa anzathu ku Tanzania, m'boma la Hai kufupi ndi phiri la Kilimanjaro, ofufuza anapeza kuti pafupifupi 6 mwa anthu 100 a zaka 70 kupita m'tsogolo anali ndi matendawa. Midzi yake ndi yonga yathu yomweyi.

Kusintha khalidweku n'gawo la matendawa kuyambira pachiyambi. Mayi yemwe dokotala Alois Alzheimer, mwini dzina la matenda aja, anayamba kumuona ku Frankfurt mu 1901, Auguste Deter wa zaka 51, sankangoiwala chabe. Ankachitira nsanje mwamuna wake popanda chifukwa, ankabisa zinthu m'nyumba, ankakuwa poganiza kuti anthu akufuna kumupha. Mu 1996 bungwe la International Psychogeriatric Association linaika zizindikiro zonsezi pansi pa dzina limodzi, BPSD, kutanthauza zizindikiro za dementia zoonekera pa khalidwe ndi m'maganizo. Ku Cache County m'dera la Utah ku America, ofufuza atatsatira odwala kwa zaka 5 anapeza kuti 97 mwa 100 anaonetsako chizindikiro chimodzi kapena zingapo. Choncho ngati zafika pakhomo panu, musamati kholo lanu lokha ndilo lasanduka loipa mtima.

Mfundo yomwe inanditsegula maso ndi ya wofufuza wina, Jiska Cohen-Mansfield. Iye amati nthawi zambiri kulusa ndi kusakhazikika kwa wodwala dementia ndi njira yake yonenera chosowa chimene pakamwa palephera kutchula: ululu, ludzu, mantha, kusungulumwa, kusowa chochita. Khanda likamalira sitilikalipira, timafufuza chomwe chikuliliza. Ntchito yanu ndi yomweyo, koma mukuichita kwa munthu wamkulu woyenera ulemu wake wonse.

Choyamba, dzifunseni: zayamba liti?

Dementia imayenda pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka. Ngati agogo anali bwinobwino Lachiwiri, koma pofika Lachinayi sakudziwa komwe ali, akuodzera masana, akuona zideruderu, kapena akubwebweta, musanene kuti matenda aja akula. Nthawi zambiri pamakhala nthenda ina yomwe yalowa m'thupi: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wokwera kapena wotsika, kapena kuchepa kwa madzi m'thupi. Wokalamba akhoza kukhala ndi chibayo thupi osatentha n'komwe, chizindikiro chokha n'kukhala kubalalika mutu kumeneku. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala la kuno mukulidziwa. Okalamba samva ludzu msanga, ndipo wodwala dementia amaiwala kupempha madzi.

Zikatero musadikire kuti kuche kawiri. Pezani kabaza kapena galimoto mupite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi chaching'ono cha kwanuko, cha Monkey Bay, cha St Martin's ku Malindi kapena chachikulu cha paboma. Nyamulani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba ndi ogula pagolosale. Mukafika nenani mawu awa momveka: "Sanali chonchi masiku atatu apitawo." Ngati muli kutali, monga ku Makanjira kapena kumapiri a ku Namwera, imbani kaye 54747, Chipatala cha pa Foni, yomwe pa Airtel ndi yaulere.

Chachiwiri, gulani kope

Kope wamba la ana asukulu ndi cholembera. Ili ndilo linatithandiza kuposa china chilichonse, ndipo ndikupemphani kuti musalidumphe.

Nthawi iliyonse pakachitika vuto, lembani tsiku ndi nthawi, malo, amene analipo, chomwe chinachitika vutolo lisanayambe, chomwe wodwalayo anachita kapena kunena, zomwe inu munachita, ndi momwe zinathera. Musalembe kuti "amayi avuta lero." Mawu amenewo sathandiza aliyense. Lembani kuti: "Lachitatu, cha m'ma 4 koloko madzulo, ana atabwera kusukulu ndi kutsegula wailesi, amayi anakulunga zovala m'chitenje n'kumati akupita kwawo. Nditawaletsa anandimenya padzanja. Anakhazikika atamwa tiyi." Mukalemba chonchi kwa masabata awiri, mudzadabwa kuona kuti zomwe munkati zimangochitika mwadzidzidzi zili ndi nthawi yake, malo ake, ndi munthu wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akatswiri nawonso amayambira pomwepa. Mu 2014 Helen Kales, Laura Gitlin ndi Constantine Lyketsos a ku America anafalitsa njira yotchedwa DICE, yomwe mwachidule imati: fotokozani bwino chomwe chachitika, fufuzani gwero lake, konzani chochita, kenako onani ngati chathandiza. Madokotala ali ndi mndandanda wa mafunso omwe Jeffrey Cummings anakonza mu 1994, wotchedwa Neuropsychiatric Inventory, ndipo amene amafunsidwa ndi wosamalira wodwala, chifukwa ndiye amaona zonse. Mndandandawu tsopano uli ndi mbali 12, monga kukhulupirira zinthu zosachitika, kuona kapena kumva zomwe palibe, kulusa, kukhumudwa, nkhawa, mphwayi, kuchita zinthu mopanda manyazi, kuyendayenda, kusagona ndi kusintha kadyedwe.

Taonani kuti mphwayi ndi kukhumudwa zili momwemo. Izi n'zofala kwambiri, koma popeza sizisokosa, pakhomo sitiziwerengera. Agogo amene angokhala duu pakhonde tsiku lonse, osalankhula, osafuna kudya, timati ndi osavuta. Nawonso akudwala, ndipo alembeni m'kopemo. Akayamba kunena zoti bola kufa, auzeni achipatala msanga.

Musalimbane ndi mavuto onse nthawi imodzi. Sankhani limodzi, lomwe lili loopsa kwambiri kapena lomwe likukulandani tulo.

Chachitatu, fufuzani thupi kuyambira kumutu mpaka kuphazi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe ambiri timaphonya.

Chaka chachitatu cha matenda awo, mayi anga anayamba kukankha mbale ya nsima ndi kutukwana aliyense wowapatsa chakudya. Tinkati akutiganizira kuti tawathirira mankhwala. Patatha pafupifupi mwezi, ndikuwapukuta kukamwa, ndinaona chibwano chakumanzere chitatupa pang'ono. Dzino linali litabooka mpaka kuchita mafinya. Atalichotsa kuchipatala, sabata yomweyo anayamba kudya, kutukwana kuja n'kutha. Mwezi wathunthu munthu akumva ululu, ife tikumuyesa wamwano. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbuka.

Ofufuza a ku Norway, motsogozedwa ndi Bettina Husebø, anayesa nkhani yomweyi mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2011. Anatenga odwala dementia 352 okhala m'nyumba zosamalira okalamba, onse osakhazikika ndi olusa. Gulu lina analipatsa mankhwala opha ululu tsiku lililonse kwa masabata 8, ambiri mwa iwo paracetamol, panado yemweyu. Kusakhazikika kunatsika ndi pafupifupi 17 pa 100 poyerekeza ndi gulu linalo, ndipo atasiya mankhwalawo vuto linayambanso kubwerera. Sindikunena kuti muzingowamwetsa panado ayi. Mlingo wake, makamaka kwa munthu wowonda kapena wa vuto la chiwindi, akuuzeni adokotala. Chomwe ndikunena n'chakuti muzikayikira ululu musanakayikire china chilichonse.

Mukawafunsa kuti "pakupweteka pati?" mwina ayankha kuti palibe. Yang'anani nkhope pomwe akudzuka pamphasa, pomwe mukuwakweza mkono powaveka, pomwe akukhala pansi. Kukwinya nkhope, kubuula, kugwira malo amodzi, kukana kukhudzidwa, zonsezo ndi mayankho. Onani m'kamwa. Onani mawondo ndi msana ngati muli nyamakazi. Onani m'matako ndi m'chiuno ngati mwayamba zilonda za kugona mbali imodzi. Onani kuphazi: minga, matekenya, zikhadabo zolowa m'mnofu. Dziwani tsiku lomwe anapita kuchimbudzi komaliza, chifukwa kudzimbidwa kumalusitsa okalamba kwambiri. Papaya, masamba, mgaiwa ndi madzi okwanira zimathandiza. Mkodzo ukamanunkha kwambiri, ukamawawa potuluka kapena ukakhala ndi magazi, pitani nawo akayezedwe. Kuno kunyanja likodzo si la ana okha.

Maso ndi makutu musaiwale. Munthu wa ng'ala akaona chitenje chopachikidwa pachitseko kukuda, amaona munthu waima. Wosamva bwino akaona anthu akuseka chapatali, amati akumunena. Ng'ala amachotsa kuchipatala, ndipo nthawi zina khutu limangokhala latsekeka ndi litsiro.

Pomaliza, mankhwala omwe akumwa kale. Piriton, amitriptyline ndi diazepam amatha kuwonjezera kusokonezeka kwa okalamba. Musawasiyitse nokha, koma afunseni adokotala ngati onse akufunikadi.

Chachinayi, sinthani mayankhidwe anu

Wodwalayo sangasinthe, ubongo wake sukumulola. Amene angasinthe ndi inu. Lamulo lalikulu ndi limodzi: musatsutsane naye.

Akati wina waba ndalama, musayambe mlandu wofuna mboni. Munthu amene waika chinthu n'kuiwala kuti anachiika, kwa iye chatsala n'choti chabedwa. Nenani kuti, "Pepani amayi, tiyeni tifunefune limodzi." Phunzirani malo omwe amakonda kubisa: pansi pa mphasa, m'ndowa ya ufa, kudenga, m'thumba la pilo. Musanataye zinyalala, yang'anani kaye. Ife tinasunga ndalama zazikulu kwina, koma tinkaonetsetsa kuti pamfundo ya chitenje chawo pali timapepala tingapo ta K50 ndi K100. Munthu amene wagwira ndalama moyo wake wonse, ukamulanda zonse umamuvula ulemu. Wonamiziridwayo, makamaka akakhala mwana kapena mpongozi, mutengereni pambali mumuuze kuti palibe amene akumukayikira. Mwana wanga ndinachedwa kumuuza zimenezi.

Akati "ndikupita kwathu" ali m'nyumba yawo yomwe, kapena akamafunsa mayi awo omwe anamwalira kalekale, musawauze kuti "amayi anu anamwalira kale." Kwa iwo uthenga wa malirowo ukhala watsopano, alira ngati achitika lero, ndipo mawa afunsanso. Funsani m'malo mwake: "Mwawasowa eti? Ankaphika chiyani chomwe munkachikonda?" Kawirikawiri "kwathu" amene akunenayo si mudzi, ndi mtendere womwe akuusowa nthawi imeneyo.

Lankhulani muli kutsogolo kwawo, mutakhala pansi kapena mutagwada monga mwa ulemu wathu, osati mutaima pamutu pawo. Dzitchuleni dzina: "Amayi, ndine mwana wanu uja." Musawayese mayeso a "mwandizindikira kodi?" Alendo amakonda funso limeneli, aletseni. Nenani chinthu chimodzi, dikirani yankho. M'malo mofunsa kuti "mudya chiyani?" aonetseni: "Phala kapena mbatata?"

Mayi anga anabadwira kwa Jalasi, koma atakwatiwa kunyanja ankalankhula Chichewa zaka zonse. Matenda atakula Chichewa chija chinayamba kuthothoka, n'kutsala Chiyao cha paubwana. Izi zimachitika kwa odwala ambiri odziwa zilankhulo ziwiri. Tinaona kuti adzukulu akawapatsa moni wa "Anganga, ajimwiche uli?" nkhope inkamasuka. Ngati pali wachibale wolankhula bwino chilankhulo chawo choyamba, azibwera pafupipafupi.

Pa kusamba, ganizirani mmene inu mungamvere munthu yemwe simukumuzindikira atayamba kukuvulani. Wowasambitsa akhale wamkazi kwa amayi, wamwamuna kwa abambo. Madzi akhale ofunda, makamaka nyengo ya mwera. Afunditseni chitenje, muzisambitsa mbali imodzi kwinako ataphimba, ndipo apatseni kansalu agwire okha. Akakana, asiyeni, mudzayesenso pakapita ola. Kulumpha tsiku limodzi osasamba sikupha munthu. Ife tinapeza kuti tikati "tiyeni mukasambe" ankakana, koma tikati "nthawi ya swala yayandikira" ankanyamuka okha kupita kubafa, chifukwa kudziyeretsa asanapemphere kunali m'magazi mwawo.

Akalusa n'kutenga ndodo, musawagwire mwamphamvu. Futukani, chotsani ana, tsitsani mawu, tulukani kwa mphindi zochepa. Mukabwerera ndi kapu ya thobwa, kawirikawiri amakhala aiwala chomwe chinawakwiyitsa. Mipeni, zikwanje, mankhwala a mbewu ndi a makoswe zikhale pobisika.

Chachisanu, apatseni ntchito, ndipo konzekerani madzulo

Kope lathu litadzaza masamba angapo, tinaona kuti kumanga katundu kuja kunkachitika cha m'ma 4 koloko, tsiku ndi tsiku. Mchemwali wanga ndiye anakumbukira: imeneyo inali nthawi yomwe amayi ankakaanula usipa pathandala. Thupi linkakumbuka kuti pali ntchito, mutu osadziwa kuti ndi ntchito yanji. Tinayamba kuwayalira mphasa pamthunzi nthawi isanakwane, n'kuwapatsa lichero la usipa wouma kuti asankhe, achotse mitu ndi timiyala. Ankakhala pamenepo ola lathunthu, manja akuyenda ngati kale, nthawi zina akutiuza mitengo ya zaka za m'mbuyomo. Kumanga katundu sikunatheretu, koma kunachepa kwambiri.

Ganizirani zomwe kholo lanu linkachita lili ndi mphamvu. Msodzi apatseni ukonde wakale asoke. Mlimi atongole chimanga kapena aswe mtedza. Telala apinde nsalu. Zisakudetseni nkhawa ngati ntchitoyo sikutuluka bwino, ndipo musaikonze iwo akuona. Nyimbo zimakhalitsa m'mutu kuposa mayina: za kwaya, za sikiri, za beni, za manganje. Munthu amene sakutha kumanga chiganizo amatha kuimba nyimbo yonse osaphonya.

Odwala ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa. Nthawi imeneyo chepetsani phokoso, yatsani nyali ya sola mdima usanagwe, ndipo alendo abwere m'mawa. Masana awothe dzuwa la m'mawa, ayende pang'ono, asagone nthawi yaitali. Tiyi wamasamba asamwe usiku. Akodze asanagone, ndipo chitini chikhale pafupi kuti asatuluke kufuna chimbudzi mumdima.

Kusochera kuno n'koopsa kuposa madera ambiri. Tili ndi nyanja, tili ndi Shire ndi Malombe momwe muli ng'ona ndi mvuu, tili ndi msewu wa tala wopita ku Monkey Bay ndi ku Liwonde. Mangirirani kachitini ka timiyala kapena kabelu pamwamba pa chitseko kuti kazilira chikatsegulidwa. Sokererani kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni m'kati mwa zovala zawo. Sungani chithunzi chawo chatsopano m'foni. Auzeni anyamata a kabaza a pasiteji yanu, amayi a pamjigo ndi asodzi a padoko kuti akawaona okha awabweze kapena akuimbireni. Akasowa, yambani kufuna kumadzi ndi kumsewu, kenako komwe ankakhala kapena kugwira ntchito kale, ndipo dziwitsani amfumu ndi apolisi nthawi yomweyo.

Kuwamanga chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba okha inu n'kupita kumunda, chonde musatero. Ndikudziwa kutopa komwe kumafikitsa munthu pamenepo. Koma womangidwa amalimbana ndi chingwe mpaka kudzivulaza, mantha ake amakula, ndipo moto ukabuka alibe kothawira.

Za mwezi wa Ramadan: odwala saumirizidwa kusala. Kambiranani ndi ashehe, chifukwa wodwala dementia akakhala tsiku lonse osamwa madzi m'nyengo yotentha amasokonezeka msanga.

Chachisanu ndi chimodzi, lankhulani anthu asanayambe kukulankhulirani

Taganizirani gogo yemwe wadzuka usiku kufuna chimbudzi, wasochera, wavula zovala chifukwa zanyowa, ndipo m'bandakucha wapezeka ali mbulanda kuseri kwa nyumba ya eni kapena pafupi ndi manda. Akumufunsa, akuyankha zosamveka, akutchula mayina a anthu akufa. Wina akamuopseza kuti "vomera," iye avomera, chifukwa sakumva n'komwe funsolo. Inu mukudziwa dzina lomwe anthu amupatse m'mawa umenewo.

Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba 4 powaganizira kuti ndiwo anachititsa mphezi yomwe inapha mtsikana wina. Nkhani zotere sizinathe m'dziko muno, ndipo bungwe la MANEPO, loona za ufulu wa okalamba, lakhala likudandaula za nkhanza zochitira okalamba powanamizira ufiti. Wodwala dementia ali pachiopsezo chachikulu chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndendende ndi zomwe anthu amayembekezera kuona kwa mfiti. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Choncho musabise matendawa. Pemphani adokotala alembe m'buku la kuchipatala kuti munthuyu ali ndi dementia. Tengani bukulo mupite nalo kwa amfumu, kwa ashehe kapena abusa, ndi kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Nenani mosabisa: "Mayi athu akudwala matenda a ubongo. Akhoza kuyenda usiku, kuvula, kapena kutukwana. Mukawaona, afunditseni chitenje mutiitane." Pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzafotokozere anthu pamsonkhano wa mudzi. Ine ndinachita manyazi chaka chathunthu ndisanapite kwa amfumu, koma nditapita, anthu omwe ndinkawaopa ndi omwe anawabweza amayi kawiri konse. Wina akayamba kuopseza, kanenani ku Victim Support Unit ya polisi zinthu zisanafike poipa.

Ndipo m'banja momwemo, samalani ndi mawu akuti "anawalodza." Amatha ndalama, amadanitsa abale, ndipo nthawi yonseyo dzino lija likuwawabe.

Chachisanu ndi chiwiri, mankhwala okhazika mtima pansi akhale omaliza

Nthawi ina, nditatha masiku osagona, ndinagula timapiritsi kwa munthu wina wogulitsa mankhwala pamsika. Anati agogo azigona ngati khanda. Anagonadi, koma tsiku lachitatu anadzuka ali dzandidzandi, n'kugwa pakhomo, n'kung'ambika pachipumi. Ndinataya mapiritsi otsalawo m'chimbudzi.

Mankhwala a misala monga haloperidol, chlorpromazine ndi risperidone ali ndi ntchito yake, koma kwa okalamba a dementia ndi oopsa. Mu 2005 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza kuti odwala dementia omwa mankhwala atsopano a mtunduwu ankamwalira mochuluka, pafupifupi ka 1.6 mpaka 1.7 poyerekeza ndi osamwa, ndipo mu 2008 chenjezoli linafikanso pa mankhwala akale monga haloperidol. Ku England, lipoti la Sube Banerjee la 2009 linayerekeza kuti mwa odwala 180,000 omwe ankapatsidwa mankhwalawa, pafupifupi 36,000 okha ndi omwe ankapindula, pomwe imfa zoonjezera zinali pafupifupi 1,800 pachaka. Mankhwalawa amabweretsanso sitiroko, kugwa, kuuma thupi ndi kutsamwa. Pali mtundu wina wa dementia wotchedwa Lewy body, womwe wodwala amaona anthu kapena tinyama tomwe palibe, amanjenjemera, amayenda mouma, ndipo tsiku lina amakhala bwino lina ayi. Kwa ameneyu haloperidol akhoza kumudwalitsa mwakayakaya. Ngati kholo lanu lili ndi zizindikiro zimenezi, auzeni adokotala asanalembe mankhwala.

Malangizo a WHO amati njira zosagwiritsa mankhwala ziyambe, ndipo mankhwalawa aganiziridwe pokhapokha wodwala akuzunzika kwambiri kapena akhoza kudzivulaza kapena kuvulaza ena. Zikafika pamenepo, pitani kuchipatala chachikulu cha boma mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Zikavuta iwo ndiwo amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Tengani kope lija. Funsani mafunso atatu: mankhwalawa akulimbana ndi khalidwe liti, tiyang'anire zoopsa ziti, ndipo tidzabwere liti kuti tione zochepetsa kapena kusiya? Mlingo uyambe wochepa, ndipo asamwe miyezi ndi miyezi popanda wowaonanso. Dziwaninso kuti kuyendayenda, kubwereza mafunso ndi kukana kusamba sizimva mankhwala amenewa.

Zideruderu zina sizifuna n'komwe mankhwala. Amayi ankaona ana aang'ono atakhala pakona ya chipinda, ndipo ankawasekerera. Sizinkawaopsa, ndiye tinkangofunsa kuti anawo akutani.

Chachisanu ndi chitatu, gawanani mtolo

Mutu umodzi susenza denga. Kuno kwathu anyamata ambiri ali ku Joni, ndipo mtolo wonse umagwera mwana wamkazi mmodzi kapena mdzukulu yemwe amasiyira sukulu panjira. Itanitsani msonkhano wa banja, a kunjawo alowe pa WhatsApp, eni mbumba akhalepo. Musapemphe kuti "muzithandizako." Tchulani: uyu azigona nawo Lachisanu ndi Loweruka, uyu azitumiza ya sopo, matewera ndi thiransipoti ya kuchipatala mwezi uliwonse, uyu aziwatenga Lamlungu masana. Wobwera patchuthi n'kuona amayi akuseka kwa ola limodzi asanene kuti mukukokomeza. Mupatseni kope awerenge. Funsaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma ngati banja lanu lingalowe nawo mu Mtukula Pakhomo.

Ku London, kafukufuku wa START yemwe Gill Livingston ndi anzake anafalitsa mu 2013 anatsatira osamalira odwala 260. Omwe anaphunzitsidwa maulendo 8 okha za matendawa, za kuyankha makhalidwe ovuta ndi za kudzisamalira, anapezeka ndi nkhawa ndi kukhumudwa kochepa kuposa anzawo. Wosamalira akatopa mawu ake amakwera, ndipo wodwala amamva ukaliwo ngakhale sakumva mawuwo, naye n'kulusa. Mukaona kuti mwayamba kuwakalipira tsiku lililonse, kapena dzanja lafuna kunyamuka, tulukani panja, itanani wina akhale nawo, ndipo mukauze namwino kuti inunso simuli bwino. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma nawenso uyenera kugona.

Pakatha masabata awiri mutayesa njira ina, tsegulani kope muwerenge: vuto lija linkachitika kangati pasabata, pano likuchitika kangati? Ngati latsika, pitirizani, ndipo uzani onse a pakhomo azichita chimodzimodzi. Ngati silinasinthe, sinthani chinthu chimodzi chokha, monga nthawi, munthu kapena malo, kuti mudziwe chomwe chathandiza. Njira yomwe yagwira chaka chino mwina chaka chamawa sigwira, chifukwa matendawa amayendabe. Lichero la usipa linatitumikira zaka ziwiri. Manja atayamba kulephera kusankha, amayi ankangoligwira pamiyendo, ndipo cha m'ma 4 koloko tinkawabweretserabe, mdzukulu wawo uja n'kukhala pambali pawo kumasankha iye.